Kukhuza Maliro Nkhondo Iri Mkati: Mbiri ya Maulendo a Anchito a Mabungwe a Ayuda Opita ku Israel

1.0 Mau Oyamba

Patangopita masabata owerengeka cicitikire ciwembu ca gulu la Hamas pa 7 Okutobala 2023, pamene makampani ambiri a ndeke anali ataimitsa maulendo ao opita ku Tel Aviv, timagulu ta alendo tinayamba kutsika pa bwalo la Ben Gurion kucokera ku New York, Toronto, London ndi mizinda ina. Anthuwa sanali asilikali, ndiponso sanadzere kudzaona malo. Ambiri mwa iwo anali anchito a mabungwe a Ayuda a m'maiko akutali: arabi, amene ndi aphunzitsi a cipembedzo ca Ciyuda, aphunzitsi a m'masukulu, osonkhetsa ndalama, oyang'anira nchito zothandiza okalamba ndi osauka, ndi alangizi a ophunzira a m'mayunivesite. Anali kukhala masiku atatu kapena anai, kenaka n'kubwerera kwao.

M'Cingelezi ulendo wotere umachedwa solidarity mission. Ife amene nchito yathu ndi ya zinenero timapunthwa pa liu loyambalo, pakuti mau athu akuti umodzi kapena mgwirizano safika pamene ilo lifika. Tidzabwerera ku funso limeneli kumapeto. Cimene tifuna kuonetsa coyamba ndi cakuti mwambowu si wakale monga momwe ena angaganizire, ndi kuti tanthauzo lake linasintha pakupita kwa zaka. Poyamba mlendo anali kufika ndi kanthu m'manja, kaya ndalama, mankhwala kapena mphamvu zake zogwirira nchito. Pofika caka ca 1991, cacikulu cimene anali kupereka cinali kupezekapo kwake. Tidzaonanso kuti ulendo wotere uli ndi malire amene wolemba mbiri sayenera kubisa.

2.0 Pamene Mthenga Anali Kucokera ku Jerusalem

Kwa zaka mazana ambiri ulendo unali kuyenda mosiyana ndi mmene uyendera masiku ano. Ayuda ocepa amene anali kukhala m'mizinda inai imene amaiona kuti ndi yopatulika, Jerusalem, Hebron, Safed ndi Tiberias, anali osauka kwambiri, ndipo anali kudalira zopereka za abale ao a kunja. Zoperekazo zinali kuchedwa halukka, kutanthauza kugawa. Pofuna kuzipeza, iwo anali kutuma nthumwi, zochedwa shadarim m'Ciheberi, kuti zikayende m'midzi ya Ayuda a ku Ulaya, kumpoto kwa Africa ndi kwina. Nthumwi imodzi yochuka, Chaim Yosef David Azulai, inayenda maulendo awiri aatali m'malo mwa anthu a ku Hebron, wina kuyambira 1753 ndi wina kuyambira 1772, uliwonse wa zaka zingapo. Mu 1773 mlendo wina wa ku Hebron, Raphael Haim Isaac Carigal, anafika mpaka ku Newport ku America. Tiona apa kuti wovutika ndiye anali kunyamuka kukapempha, pamene wopereka anali kukhala pakhomo pake.

Amene anayamba kutembenuza njirayi anali Moses Montefiore, munthu wacuma wa ku London, amene anapita ku Palestine kasanu ndi kawiri pakati pa 1827 ndi 1875, ulendo wotsiriza ali ndi zaka 90. Iye sanakhutire ndi kumva za umphawi kucokera kwa nthumwi. Anafuna kuona ndi maso ake, analembetsa kalembera wa Ayuda a m'dzikolo, ndipo anayang'anira kumangidwa kwa mudzi wa Mishkenot Sha'ananim kunja kwa linga la Jerusalem mu 1860. Koma Montefiore anali munthu mmodzi wokhala ndi cuma ndi nthawi. Kuti ulendo wotere ukhale mwambo wa anthu ambiri, panafunika zinthu ziwiri zimene zinali zisanakhalepo: mabungwe okhala ndi anchito olipidwa, ndi njira yofulumira yoolokera nyanja.

3.0 Mabungwe, Ndalama ndi Manja: 1914 mpaka 1973

Mabungwewo anabadwa makamaka ku America. Mu 1895 Ayuda a ku Boston anaika magulu ao onse othandiza ovutika pansi pa thumba limodzi, ndipo mizinda ina inatsatira citsanzo cimeneci. Motero kunayamba nchito yatsopano, ya munthu wolandira malipiro cifukwa cotumikira mtundu wake, osati monga mtsogoleri wa mapemphero, koma monga wolinganiza, wowerengera ndalama ndi woyendera mabanja.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse ndiyo inalozetsa mabungwewa ku Palestine. Pa 31 Ogasiti 1914 kazembe wa America ku Constantinople, Henry Morgenthau, anatumiza lamya kwa Jacob Schiff ku New York kupempha madola 50,000, cifukwa nkhondo inali itadula zopereka zocokera ku Ulaya ndipo njala inali pafupi. Ndalamazo zinapezeka, zinafika pa doko la Jaffa pa sitima ya nkhondo ya America, ndipo mu Novembala caka comweco kunakhazikitsidwa bungwe limene licedwa mwacidule kuti Joint Distribution Committee. Mu 1918, nkhondo isanathe, bungwe la amai la Hadassah linatumiza gulu la anthu 44, madokotala, anamwino ndi ena odziwa za umoyo. Awa tingawache makolo a alendo a masiku ano, ngakhale kuti iwo anapita kukakhala nthawi yaitali ndi kukagwira nchito imene anaiphunzira.

Mu 1948 njira zonse ziwiri zinayenda pamodzi. Mu Januwale, Golda Meyerson, amene pambuyo pake anadziwika ndi dzina lakuti Golda Meir, anapita ku Chicago kukalankhula kwa atsogoleri a mabungwe a Ayuda, ndipo pa ulendowo anasonkhetsa madola pafupifupi 50 miliyoni. Iye anali nthumwi monga zija zakale, kupatula kuti anali kupempha ndalama za zida, osati za cakudya. Nthawi yomweyo anthu odzipereka pafupifupi 4,000 a m'maiko osiyanasiyana, odziwika ndi dzina lakuti Machal, anapita kukamenya nao nkhondo. Pafupifupi 800 mwa iwo anacokera ku South Africa.

Cinthu caciwiri cija, njira yofulumira, cinafika ndi ndeke za jeti. Mu 1961 kampani ya El Al inayamba kuulutsa ndeke za Boeing 707 pakati pa New York ndi Tel Aviv, kotero kuti ulendo umene unali kutenga masabata pa nyanja unasanduka wa usiku umodzi. Bungwe la United Jewish Appeal, lokhazikitsidwa mu 1939, linaona mwai umene unalipo. Pansi pa utsogoleri wa Herbert Friedman, amene anayamba kuliyendetsa mu 1955, maulendo a magulu anakhala cida cacikulu cosonkhetsera ndalama. Opereka anali kutengedwa kukaona misasa ya obwera kumene, minda ndi malire a dziko, ndipo kumapeto kwa ulendo aliyense anali kuchula pamaso pa anzake ndalama zimene adzapereke. Nzeru yake inali yosavuta: munthu amene waona apereka zoposa za munthu amene wangomva.

Nkhondo ya masiku asanu ndi limodzi, ya pa 5 mpaka 10 Juni 1967, inadzutsa mantha aakulu pakati pa Ayuda a kunja, ambiri a iwo ali kukumbukira kuphedwa kwa abale ao mamiliyoni asanu ndi limodzi ku Ulaya zaka makumi awiri zokha m'mbuyomo. Ku America kokha anasonkha madola oposa 100 miliyoni m'masabata ocepa. Acinyamata zikwi zingapo anadzipereka kupita, koma ambiri anafika nkhondo itatha kale, ndipo anatumizidwa kukakolola m'minda ya makibbutz m'malo mwa amuna amene anali ku usilikali. Zofananazo zinacitika pa nkhondo imene inayamba pa 6 Okutobala 1973, imene inapha asilikali a Israel oposa 2,500 ndi kusunga amuna ambiri kutali ndi nchito zao kwa miyezi. Kufikira apa, mlendo anali ndi yankho looneka akafunsidwa cimene wadzera: wabweretsa ndalama, kapena wadzagwira nchito ya munthu amene ali ku nkhondo.

Tiyenera kukumbukira kuti nkhondo ya 1973 inaonedwa mosiyana kuno kwathu. Mu Okutobala caka cimeneco Zambia, pamodzi ndi maiko ambiri a mu Africa, inathetsa ubale wake ndi Israel pogwirizana ndi Egypt, ndipo ubalewo unabwezeretsedwa mu Disembala 1991. Malawi inali pakati pa maiko ocepa amene sanatero. Kuima ndi mnzako pa nthawi ya nkhondo kunali kucitika mbali zonse ziwiri, ndipo aliyense anali kusankha maliro amene adzakhuze.

4.0 Caka ca 1991: Nkhondo Imene Mlendo Analibe Cogwira

Nkhondo ya ku Gulf ndiyo inapatsa ulendowu maonekedwe amene uli nao tsopano. Kuyambira pa 18 Januwale 1991, boma la Saddam Hussein ku Iraq linaponya mizinga ya Scud pafupifupi 40 ku Israel, makamaka ku Tel Aviv, Ramat Gan ndi Haifa. Boma la America linapempha nduna yaikulu Yitzhak Shamir kuti asabwezere, poopa kuti maiko a Aluya amene anali kumbali ya America angacoke m'mgwirizano, ndipo iye anavomera. Motero munalibe nkhondo yoti anthu akamenye. Cimene anali kucita cinali kukhala m'zipinda zomatidwa mazenera, atavala zophimba kumaso poopa mpweya wa poizoni, kudikira kulira kwa cenjezo. Amene anafa mwacindunji ndi mizingayo anali ocepa kwambiri, koma mantha anagwira dziko lonse, makampani ambiri a ndeke anasiya kufika, ndipo mahotela anakhala opanda anthu.

M'nyengo yotere funso lakuti ndani watsala ndipo ndani wathawa linakula kuposa ena onse. Meya wa Tel Aviv, Shlomo Lahat, anadzudzula poyera anthu amene anatuluka mu mzinda, n'kuwayerekeza ndi asilikali othawa nkhondo. Ngati eni mudzi anali kuyesedwa ndi muyeso umenewu, abale a kunja sakanaupewa. Ophunzira ndi aphunzitsi pafupifupi 400 a ku Yeshiva University ya ku New York anakwera ndeke pakati pa Januwale, nkhondo iri pafupi kuyamba. Magulu a atsogoleri ndi anchito a mabungwe anatsatira mizinga iri kugwa, ndipo pa bwalo la ndeke anali kulandira zophimba kumaso zao monga wina aliyense. Meya wa New York, David Dinkins, amene sanali Myuda, anapita mu Febuluwale. Mwezi womwewo, cenjezo litalira pakati pa konsati ku Jerusalem, woimba vayolini Isaac Stern anabwerera yekha pa nsanja n'kupitiriza kuimba pamaso pa anthu ovala zophimba kumaso.

Palibe mmodzi mwa alendowa amene akanaimitsa mzinga. Sanadzakolole, ndipo ndalama akanatha kutumiza ali kwao. Cimene anabweretsa cinali kuvomera kugona usiku ungapo pansi pa ngozi imodzi ndi eni dziko. Apa ndi pamene ulendowu unafanana ndi zimene ife timadziwa pa maliro. Wokhuza maliro sadzutsa wakufa, ndipo nthawi zambiri salankhula zambiri. Koma anamfedwa amadziwa amene anagona pa siwa ndi amene anangotumiza cipepeso. Ayuda nao ali ndi mwambo wochedwa shiva, wa masiku asanu ndi awiri, m'mene ofedwa akhala m'nyumba ndipo odzapepesa alowa, n'kukhala pansi, osayamba kulankhula mpaka wofedwa atayamba yekha. Sitikaikira kuti mwambo umenewu ndiwo unapatsa anchito a mabungwe njira yomvetsera ulendo umene unalibe nchito ina yooneka.

5.0 Mlandu wa Osabwera

Kupezekapo kukasanduka ngongole, kusabwera kumasanduka mlandu. Izi zinaoneka bwino pa kuukira kwaciwiri kwa Apalestina, kumene kunayamba mu Seputembala 2000 ndi kupha Aisraeli pafupifupi 1,000 ndi Apalestina pafupifupi 3,000 m'zaka zisanu. Alendo olowa m'dzikolo anatsika kucoka pa oposa 2 miliyoni mu 2000 kufika pa ocepera miliyoni imodzi mu 2002. Pa 1 Juni 2001 bomba linapha anthu 21, ambiri a iwo acicepere, pakhomo pa nyumba yovinira ya Dolphinarium ku Tel Aviv. Pambuyo pake bungwe la masunagoge a Reform ku America linalengeza kuti silidzatumiza acinyamata ake ku Israel m'cilimwe cimeneco. Mkwiyo unali waukulu, ndipo meya wa Jerusalem pa nthawiyo, Ehud Olmert, anali pakati pa amene anadzudzula kwambiri.

Mkanganowu unaulula msampha umene wanchito wa bungwe akhalamo. Iye ali ndi udindo kwa makolo amene amupatsa ana ao, ndiponso ali ndi udindo kwa abale amene ana ao akwera mabasi omwewo tsiku ndi tsiku. Yankho limene mabungwe anapeza linali lakuti ngati ana sangapite, apite akuluakulu ndi anchito. Maulendo aafupi anaculuka, ndipo mu Novembala 2003 msonkhano waukulu wa pacaka wa United Jewish Communities, bungwe limene kuyambira 2009 licedwa Jewish Federations of North America, unacitikira ku Jerusalem. Cina cimene cinathandiza cinali dongosolo la Partnership 2000, loyambitsidwa mu 1994, limene linalumikiza mzinda uliwonse wa kunja ndi dera lina la ku Israel. Motero mlendo sanali kupita ku dziko lokha. Anali kupita kwa anthu amene anali kuwadziwa maina.

6.0 Caka ca 2023

Pa 7 Okutobala 2023 anthu pafupifupi 1,200 anaphedwa ku Israel, ndipo pafupifupi 250 anatengedwa ukapolo kupita ku Gaza. Anthu oposa 100,000 anasamutsidwa m'midzi ya kumalire a kumwera ndi kumpoto, ambiri n'kukaikidwa m'mahotela a ku Eilat ndi ku Dead Sea. Mabungwe a ku North America anasonkha madola oposa 800 miliyoni. Maulendo a anchito anatsata njira imene posacedwa inakhala yodziwika: nyumba zowochedwa za ku Kfar Aza ndi Be'eri, malo a cikondwerero ca Nova pafupi ndi Re'im, zipatala, mahotela a osamutsidwa, ndi bwalo la ku Tel Aviv limene mabanja a ogwidwa anali kukhalapo. Alendo anali kukhala pansi ndi kumvetsera, ndipo atabwerera kwao anali kufotokoza m'masunagoge ndi m'masukulu zimene anaona. Wokhuza maliro anasandukanso mboni.

Nchito ya manja inabwereranso pang'ono. Minda inasowa anchito cifukwa zilolezo za Apalestina zinathetsedwa, ndipo zikwi za anchito a ku Thailand, amene analipo pafupifupi 30,000, anabwerera kwao anzao ena ataphedwa ndi ena atagwidwa. Magulu ambiri a alendo anali kupatula m'mawa umodzi kukathyola zipatso. M'minda yomweyo munafika anthu a cinenero cathu: mu Novembala 2023 acinyamata 221 a ku Malawi ananyamuka kukagwira nchito za ulimi ku Israel. Ngozi inali imodzi, koma wina anailandira kwa masiku atatu cifukwa ca cibale, pamene wina anailandira kwa miyezi yambiri cifukwa ca kusowa nchito kwao.

7.0 Zimene Mlendo Saona

Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Malire oyamba a ulendowu ndi kufupika kwake, ndipo ena mwa eni midzi yoonongedwa anadandaula kuti mabwinja a nyumba zao asanduka malo ojambulirapo zithunzi. Malire aciwiri ndi akuti njira imakonzedwa ndi wolandira, ndipo cimene ciri kunja kwa njirayo sicioneka. Kfar Aza iri pa mtunda wa makilomita ocepa kucokera ku Gaza. Alendo anali kumva kugunda kwa mizinga ndi kuona utsi, koma sakanalowa, monganso atolankhani a kunja sanaloledwe kulowa paokha. Pofika pakati pa 2025, unduna wa za umoyo ku Gaza unali utalengeza kuti Apalestina oposa 60,000 anali ataphedwa, ndipo pafupifupi anthu onse a m'deralo anali atathawa m'nyumba zao. Maliro anali mbali zonse ziwiri za mpanda, koma ulendo unali kufika pa siwa imodzi.

Ayuda eni ake anatsutsana pa nkhaniyi kuyambira kale. Gulu la Breira, limene linakhalapo ku America kuyambira 1973 mpaka 1977, linanena kuti kukonda Israel sikutanthauza kuvomereza zonse zimene boma lake licita, ndipo linazimitsidwa ndi citsutso ca mabungwe aakulu. Mu 2005 kunayamba bungwe la Encounter, limene nchito yake inali kutenga atsogoleri ndi anchito a mabungwe a Ayuda kupita ku Bethlehem ndi mizinda ina ya ku West Bank kuti akamvetsere Apalestina. Mu Okutobala 2023, pamene ena anali kukwera ndeke, magulu monga Jewish Voice for Peace ndi IfNotNow anali kucita zionetsero ku Washington ndi New York zofuna kuti nkhondo iime. Kafukufuku wa Pew Research Center wa 2020 anapeza kuti Ayuda a ku America a zaka 65 kupita m'mwamba okwana 67 mwa 100 alionse anali omangika mtima ndi Israel, pamene pakati pa a zaka zosafika 30 anali 48 okha. Wanchito wobwerera ku ulendo anali kupeza mpingo wosagwirizana, ndipo umboni wake sunali kulandiridwa mofanana ndi onse.

8.0 Mau Otsiriza

Taona kuti m'zaka zosaposa mazana awiri njira inatembenuka: nthumwi yopempha inalowedwa m'malo ndi mlendo wopereka, ndipo mlendo woperekayo anasanduka wodzakhala pansi ndi ofedwa. Tikabwerera ku funso la cinenero, tipeza kuti Cinyanja ciribe dzina limodzi la cinthuci, koma ciri ndi aneni ake: kuzonda, kupepesa, kukhuza, kugona pa siwa. Aneni onsewa amafuna kuti thupi la munthu lipezeke pa malo, ndipo pa cifukwa cimeneci amafotokoza maulendo a 1991 ndi 2023 molondola kuposa liu lakuti mgwirizano. Womasulira amene adzasankhe liu lakuti kukhuza adziwe, komabe, kuti labwera ndi katundu wake. Kwathu timati maliro n'kulirana, ndipo mwambiwu suleka pa abale okha: umafuna kuti munthu afikenso pa siwa ya mnansi, ngakhale amene anakangana naye za malire a munda. Mbiri imene tafotokoza ionetsa anthu amene anasunga mokhulupirika mbali yoyamba ya mwambiwu, naoloka nyanja pa nthawi imene ena anali kuthawa. Ionetsanso kuti mbali yaciwiri ndiyo imene iwo eni akhala akukangana pa iyo kuyambira 1973.